“Mulibe matenda, mayi, musamaganize kwambiri”

Kabuku kakuchipatala ka alamu anga kanadzaza m'miyezi isanu ndi inayi yokha. Ndinakatsegula tsiku limene anandituma kuti ndikawagulire kena, ndipo tsamba lililonse linali ndi nkhani imodzimodzi. Ayezedwa malungo, alibe. BP ili bwino, kapena yakwera pang'ono chabe. Magazi ndi okwanira. Panado, kenako kunyumba. Chonsecho iwo ankafika kuchipatalako atakwezedwa pa kabaza wina atawagwirira kumbuyo, thukuta lili kamukamu, dzanja lili pachifuwa, akunena kuti mtima ukufuna kuthyola nthiti, mpweya sukukwana, zala zachita dzanzi. Kawiri konse anatsanzikana ndi ana awo. Ndipo kawiri konse, asanafike n'komwe kutsogolo kwa mzere, zinali zitayamba kutsika zokha, moti owaperekeza ankangozolika ngati abweretsa munthu wa zisudzo.

Alamuwa amatchola tiyi pa esiteti ina chakummawa kwa Mulanje, njira ya ku Muloza. Ndi mayi wolimba, dengu lawo pa sikelo silinkachititsa manyazi. Achimwene anga amakhala kwawoko, pa chikamwini, monga mwa mwambo wathu. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, ndipo madzi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri. Nyumba yawo inatsala. Za anansi ena sizinatsale, ndipo eni ake si onse anapezeka. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala. Alamu anaphika nawo ku msasa, analira nawo maliro, anabwerera ku ntchito. Matendawa anadzayamba pambuyo pake, m'mwezi wa Juni, chiperoni chitayamba kuwaza, kamvula kosanyowetsa ndi chitenje chomwe kakungonong'ona pa malata.

Ulendo uliwonse ankabwerako ndi mawu omwewo: “Mulibe matenda, mayi. Musamaganize kwambiri.” Sindikuwada amene ankanena mawuwa. Ndikudziwa kuti panja pamakhala chinamtindi cha anthu, ena ali ndi ana akukomoka ndi malungo, dokotala ali mmodzi. Koma ndinene mosapsatira kuti mawu amenewa ndi olakwika, ndipo amadwalitsa. Ndi olakwika chifukwa matenda analipo, ali ndi dzina, ndipo amachizika. Amadwalitsa chifukwa munthu amene thupi lake likumuuza kuti akufa, akamva kuti chipatala sichinapeze kanthu, mtima sukhala pansi. Amabwerera akuganiza kuti chimene chikumudya chaposa makina a chipatala, ndipo kwathu kuno tonse tikulidziwa dzina la chinthu chimene makina saona.

Langizo loti munthu asamaganize kwambiri silitheka n'komwe. Yesani pompano: kwa mphindi imodzi musaganize za nsonga ya Sapitwa. Mwaiona kale, ndi mitambo yake yomwe. Ubongo ukauletsa chinthu umayamba kulondera ngati chinthucho chabwera, ndipo kulonderako n'kumene kumachiitana. Ndiye munthu amene tamuuza kuti asiye kuganiza amayesetsa, amalephera, n'kuyamba kudziona wachabechabe. Achibale nawo amatopa naye. “Adokotala anena kale kuti mulibe kanthu, mukufunanso chiyani?” Achimwene anga, munthu wofatsa ngati nkhosa, anafika ponena mawu amenewa, ndipo mpaka lero akawakumbukira amayang'ana kumbali.

Vuto limayambira pa chilankhulo chathu chomwe. Tili ndi liwu limodzi, nkhawa, ndipo timalisenzetsa akatundu awiri. Pali nkhawa ya masiku onse, imene palibe wa ku Mulanje kapena ku Thyolo anganene kuti saidziwa. Wotchola tiyi wa kontirakiti amadziwa kuti mvula ikatha masamba amachepa, ntchito n'kutha nawo. Minda yathu ndi tizigamba topanikizika pakati pa maesiteti, kachimanga kake sikafika Okutobala. Ku Thyolo, kumadera ngati Thekerani ndi Masambanjati, nthochi zimene zinkalipirira ana sukulu zinasakazidwa ndi matenda a chisaka. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo fetereza, sopo ndi mchere zinakwera pamodzi ngati zapangana. Onjezerani ngongole ya banki m'khonde imene tsiku lake ndi Lachinayi, ndi wakatapila amene wasunga khadi lanu la ku banki. Munthu amene tulo tamuthawa chifukwa cha zimenezi mutu wake ukugwira bwino ntchito, masamu ake ndi olondola.

Nkhawa yotereyi ili ndi ntchito yake, ndipo thupi linaumbidwa kuti lizitha kuinyamula. Mkati mwa ubongo muli kachigawo kakang'ono, madokotala amakatcha amygdala, kamene ntchito yake ndi ya mlonda wa usiku. Kakaona choopsa, kaya ndi njoka pakati pa mizere ya tiyi kaya ndi mkokomo wa madzi, kamaimba kherere iwe usanaganize n'komwe. Nthawi yomweyo tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso timathira adrenaline m'magazi, kenako cortisol. Mtima umathamanga kuti magazi afike msanga m'miyendo, kupuma kumafulumira, shuga amakwera, ntchito yogaya chakudya imasokonekera, n'chifukwa chake kukamwa kumauma ndipo ena amatsegula m'mimba. Ndi mlonda ameneyu amene anadzutsa anthu nthawi ya Freddy n'kuwathamangitsira kumalo okwera. Ndi yemwenso amakudzutsa mbandakucha kuti ukasake ganyu ufa usanathe. Choopsa chikadutsa amabweza kherere m'thumba, thupi n'kubwerera mwakale. Fizi ikalipiridwa, munthu amagona.

Sindikuichepetsa nkhawa imeneyi. Ikakhalitsa imadya thupi mwakachetechete: tulo timachepa, BP imakwera, mutu ndi msana siziterapo kupweteka, ndipo mkwiyo umagwera ana osalakwa. Koma imamva mankhwala a pamudzi. Imapepuka ukaiuza mnzako kuchitsime kapena pa bawo, ukaiduladula n'kuyamba ndi chimene chingatheke lero, ukadya, ukagona, ukavina tchopa thukuta n'kutuluka. Makolo sananame kuti mutu umodzi susenza denga.

Matenda a nkhawa ndi pamene mlonda uja wasiya kusiyanitsa wakuba ndi tsamba la nthochi logwedezeka ndi mphepo. Amaimba kherere usana ndi usiku, pamudzi osagonedwa. Mutha kusonkhana mudzi wonse kudzasenza denga, iye akungoimbabe. Njira yanga yosiyanitsira ziwirizi ndi yachimidzi, koma sinatalikirane ndi ya m'mabuku. Funsani kuti nkhawayi mwini wake ndani. Ikakhala ya fizi, ya fetereza, ya mwana wodwala, ili ndi mwini, ndipo mwiniyo akachoka imamutsatira. Inayo imatsala. Fizi yalipiridwa, iyo yasamukira pa denga lodontha. Denga lakonzedwa, yasamukira pa mwana amene ali ku Joni ndipo sanaimbe foni masiku awiri. Waimba, yasamukira pa kachotupa ka pakhosi. Kenako funsani zimene yamulanda munthuyo. Ngati wasiya kupita kumsika wa Limbuli, wasiya kwaya, wayamba kujomba ku ntchito, pamenepo tadutsa kale malire a kuganiza kwambiri.

Madokotala amagawa matendawa m'magulu. Pali nkhawa yosamukasamuka imene ndafotokozayi, imene amaiwerenga kuti ndi matenda ikamabwera masiku ambiri kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa, pamodzi ndi kusowa tulo, kutopa, kupsa mtima msanga, kuuma kwa khosi ndi mapewa. Pali mantha ogwa mwadzidzidzi ngati a alamu anga, amene pa Chingerezi amati panic attack. Amenewa amafika pachimake m'mphindi zochepa, kawirikawiri zosapitirira khumi, n'kutsika okha, koma amasiya munthu akuopa kuti abweranso. Pali kuopa maso a anthu, kwa mwana wanzeru uja amene mayeso olemba amakhoza koma akamuimiritsa m'kalasi mawu amamuthawa, ife n'kumati ndi wamanyazi, adzasiya akakula. Ndiye pali bala la m'maganizo lotsala munthu akaona zoopsa, limene akatswiri masiku ano amaliika m'gulu lakelake ngakhale ndi pachibale ndi enawa. Mwa alamu munali ziwiri zosakanikirana, ndipo zimenezo si zachilendo.

Chimene chinandikhudza kwambiri nditachimvetsa ndi nkhani ya dzanzi lija. Munthu akachita mantha amapuma mwabefu. Akatero amataya mpweya wa carbon dioxide wochuluka kuposa mmene thupi likufunira, ndipo kuchepa kwake m'magazi n'kumene kumabweretsa chizungulire, dzanzi m'zala ndi m'milomo, mwinanso zala kupindika. Munthuyo akaona zala zikuuma amati basi, ndi sitiroko iyi. Mantha amakula, kupuma n'kuthamangiranso. Ndi njinga yotsika chitunda yopanda mabuleki, koma chitundacho chili ndi pothera, ndipo mantha a mtundu umenewu paokha sapha. Kufotokoza zimenezi kumatenga mphindi zisanu. Sikulira magetsi, sikulira makina. M'miyezi isanu ndi inayi yonse ija palibe anawafotokozerapo.

Ena amati awa ndi matenda a azungu ndi a m'tauni, a anthu okhuta. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu 301 miliyoni anali ndi matenda a nkhawa, ndiye kuti pafupifupi anayi mwa anthu 100 aliwonse, ndipo 58 miliyoni mwa iwo anali ana ndi achinyamata. Amayi ndi amene amapezeka nawo kwambiri kuposa abambo, ndipo mwa anthu anayi ofunika thandizo ndi mmodzi yekha amene amalilandira. Koma tisapite kutali. Pa chipatala chachikulu cha boma ku Thyolo pomwepa, ofufuza anafunsa amayi pafupifupi 500 obwera ndi makanda kusikelo, pogwiritsa ntchito mafunso 20 a WHO omasuliridwa m'Chichewa. Zotsatira zake zinatuluka mu 2008: pafupifupi atatu mwa amayi khumi aliwonse anali ndi zizindikiro za nkhawa kapena kukhumudwa kopyola muyeso, ndipo ana a amayi oterowo ankapezeka ofupikirapo poyerekeza ndi anzawo. Amenewo anali amayi a zitenje, ochokera m'midzi yathu yomweyi, kutatsala zaka zoposa 15 kuti Freddy abwere.

Mnzanga wina wogwira ntchito ya zaumoyo ananditsutsa ndi mfundo yovuta kuiyankha kuposa imeneyi. Anati, “Achimwene, kufamase nthawi zina kumasowa ndi LA yemwe, inu mukufuna tiyambe za nkhawa?” Ndinamumvetsa. Koma ndinamuwerengera zimene alamu anali atadya kale m'thumba la chipatala: tizipangizo toyezera malungo ulendo ndi ulendo, kuyeza magazi, bedi usiku umodzi, nthawi ya dokotala. Kumbali yathu, ndalama za kabaza, masiku amene dengu silinafike pa sikelo, mbuzi imodzi imene inapita kwa sing'anga. Matenda osatchulidwa dzina timawalipira ndithu, mobwerezabwereza, popanda wochira. Odwala ake ali kale pa mzere. Ndi aja anamwino anawaloweza nkhope, aja amati “abweranso mayi a mtima aja”.

Pali kutsutsa kwina kumene mbali ina ndimakuvomereza, ndipo apa ndichedwepo pang'ono. Chidutsireni Freddy kwabwera misonkhano yambiri ya umoyo wa m'maganizo, ya matisheti ndi zoziziritsa kukhosi, kumene munthu wotsika m'galimoto yochokera m'tauni amauza anthu amene minda yawo inakwiririka ndi miyala kuti aphunzire kupuma bwino ndi kuganiza zabwino. Pamenepo okwiya ndimakwiya nawo. Mayi amene sagona chifukwa nyumba yake ili m'mphepete mwa Ruo ndipo alibe kwina kopita, mankhwala ake ndi malo. Wotchola tiyi amene ndalama za fotinaiti zimamuthera m'masiku anayi, mankhwala ake ndi malipiro. Kutcha njala kuti matenda a maganizo ndi njira yaulemu yotsekera anthu pakamwa, ndipo kumapatsa atsogoleri pothawira. Koma mbali inayo ndi iyi: umphawi ndi matendawa zimadyetsana. Mlonda amene wakhala akuimba kherere zaka ndi zaka pa zifukwa zenizeni ndi amene amafika posokonekera, ndipo akasokonekera munthu amalephera ntchito, umphawi n'kukula. Alamu analandira nawo ufa, nyemba ndi mabulangete a chithandizo, ndipo zinathandizadi, koma mtima sunasiye kuthamanga. Wonena kuti “apatseni chakudya, zitha zokha” walakwitsa mofanana ndi wonena kuti “aphunzitseni kupuma, njala aiwala”.

Ife a kuno tinaonapo kale zimene mantha osafotokozedwa amachita akagwira mudzi wonse. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 mphekesera ya anamapopa inabuka ku Mulanje kuno ndi ku Phalombe, n'kufalikira ku Thyolo, ku Chiradzulu mpaka ku Blantyre. Anthu ankagona panja m'magulu, misewu inkatsekedwa usiku, bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena, ndipo anthu osachepera asanu ndi atatu anaphedwa pongowaganizira. Sindikunena kuti aliyense nthawi imeneyo ankadwala. Koma ndimakumbukira zimene ankafotokoza aja ankati apopedwa: kudzidzimuka pakati pa usiku, kubanika, thupi lofooka, mtima ukugunda, kufuna kukuwa mawu osatuluka. Thupi linkalankhula, womasulira panalibe, mphekesera n'kumasulira yokha, ndipo mphekesera imakonda kuloza munthu chala.

M'banja mwathu chala chinatsala pang'ono kuloza azakhali ena okalamba amene analankhulapo mawu olakwika pa nkhani ya malire a munda. Sing'anga anatema mphini, anatenga mbuzi. Kenako kunabwera mapemphero a usiku. Pa za pemphero ndisamale pakamwa, chifukwa inenso ndine wopemphera, ndipo ndaona ndi maso mmene amayi a Mvano amamugwirira munthu wosweka mtima, kumuyendera, kumuimbira, kumutungira madzi. Amenewo ndi mankhwala amene palibe chipatala chingapereke. Chimene ndimakana ndi chiphunzitso chakuti wodwala nkhawa ndi wochepa chikhulupiriro. Alamu ankawawerengera mavesi oletsa kuda nkhawa, iwo n'kumabwerera kunyumba ndi mtolo wachiwiri: akuopa imfa, akuopanso kuti akuchimwa poopa. Wodwala shuga sitimuuza kuti kapamba wake alibe chikhulupiriro. Timamupempherera, n'kumuperekeza kukalandira mankhwala.

Abambo ndiye nkhani ina. Ziwerengero zimati amayi ndi amene amadwala kwambiri, koma ndimakayika ngati abambo timawawerengera pamalo oyenera. Mwamuna salira, tinauzidwa choncho tili ana, ndiye amakalirira m'botolo. Kachasu amamugonekadi mlonda uja kwa maola angapo, n'chifukwa chake amakoma. Mowa ukamatha m'thupi m'mawa, mantha amabwerera ndi anzawo, manja akunjenjemera, munthu n'kufuna wina wochotsera matsire. Chimodzimodzi timapiritsi ta diazepam, tija ambiri amati Valium, timene ena amagula mwamseri kwa ogulitsa mankhwala m'misika. Timagwira msanga, koma thupi limatizolowera m'masabata ochepa, ndipo kutisiya mwadzidzidzi n'koopsa, munthu atha kugwa ngati wakhunyu. Ndipo poti tili m'dziko la tiyi, ndinene ichi ngakhale chindidanitse ndi anthu: tiyi ali ndi caffeine, ndipo makapu anayi a tiyi wakuda bii m'mimba mulibe kanthu amathamangitsa mtima wa munthu amene ukumuthamanga kale. Zakumwa za m'zitini zopatsa mphamvu zimene anyamata a kabaza amakonda ndiye zoposa.

Alamu anathandizidwa mwamwayi chabe. Tsiku lina anapeza namwino wophunzira za matenda a maganizo, mmodzi wa aja amayendera zipatala zing'onozing'ono pa masiku ake. Namwinoyo anatsegula timabuku tonse tiwiri, anaona masamba onse, n'kufunsa funso limene palibe anali atafunsapo: “Mayi, zimayamba mukamva chiyani?” Anawafotokozera za mlonda uja mwa njira yake, za mpweya ndi dzanzi. Anawaphunzitsa kupuma ndi mimba pang'onopang'ono, kutulutsa mpweya motalikitsa kuposa kukoka. Koma chachikulu chinali china chimene ife achibale sitinkachiyembekezera. Anawauza kuti asiye kuthawa. Alamu anali atafika poti mtambo ukangoda pa phiri, amasiya dengu m'munda n'kuthamangira kusukulu kumene kunali msasa. Kuthawa kumapepuza mtima nthawi yomweyo, koma kumauza mlonda kuti unalondola, tikanakhala tikanafa, ndipo mawa amaimba kherere mokweza. Mankhwala ake ndi kubwerera pang'onopang'ono, mwadongosolo. Lero kukhala pakhonde kamvula kakuwaza, wina ali pambali, mpaka mtima utsike wokha. Sabata yamawa m'nyumba, chitseko chili chotsegula. Kenako chotseka. Sanawauze kuti azinyozera chenjezo la namondwe likalengezedwa pa wailesi. Anawaphunzitsa kusiyanitsa chiperoni ndi napolo. Njira imeneyi ndi mbali ya thandizo lokambirana limene akatswiri amati CBT, ndipo ndi limene lili ndi umboni wochuluka pa matendawa. Kwa ena pamafunikanso mankhwala monga fluoxetine, amene sagwira tsiku lomwelo, amatenga masabata angapo, moti ambiri amawataya sabata yoyamba poyesa kuti ndi achabe.

Thandizo lotere lisamapezeke mwamwayi, ndipo mfundo yanga yagona pamenepa. Kwa zaka zambiri, kunena za matenda a maganizo m'dziko muno kunali kunena za ku Zomba, ndipo mawu oti “akupititsa ku Zomba” tonse tikudziwa tanthauzo lake. Chipatala cha Zomba Mental ndi zipatala za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe zili ndi ntchito yake yaikulu. Koma mayi wa ku Muloza wothamanga mtima safunika ulendo umenewo, ndipo mukangotchula dzinalo sabweranso. Akufunika munthu wapafupi wodziwa kufunsa. Ku Zimbabwe dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi a ku Harare kukhala pa benchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, kuganiza kwambiri komweku, ndi kuwathandiza kumasula mavuto awo limodzilimodzi. Kafukufuku amene anatuluka mu 2016 anaonetsa kuti opita pa benchi ija ankapeza bwino kuposa olandira chithandizo cha masiku onse. WHO nayo ili ndi ndondomeko ya kukumana kasanu kokha, yoti munthu wosakhala dokotala atha kuiphunzira, ndipo mu 2023 inaonjezera matenda a nkhawa m'malangizo ake opita kwa ogwira ntchito m'zipatala wamba. Ife tili ndi alangizi a zaumoyo amene amadziwa khomo lililonse m'mudzi. Tili ndi anankungwi, amayi a mpingo, magulu a banki m'khonde okumana sabata ndi sabata. Thyolo inali patsogolo pophunzitsa anthu wamba kupereka uphungu wa HIV pamene boma ndi bungwe la MSF ankafalitsa ma ARV kuyambira mu 2003. Zimenezo zinali zovuta kuposa izi, manyazi ake analinso aakulu kuposa awa, koma zinatheka.

Ndisamveke ngati ndikuti aliyense wothamanga mtima akhale kunyumba azipuma ndi mimba. Kuchepa kwa magazi, chithokomiro chogwira ntchito mopyola, shuga wotsika, mphumu, malungo ndi matenda enieni a mtima, zonsezi zimatha kuvala nkhope ya nkhawa, ndipo kupweteka kwa pachifuwa kwa munthu wamkulu si kozengereza nako. Dokotala ayeze ndithu. Munthu amene wayamba kulankhula zodzipha kapena kugawa katundu wake asasiyidwe yekha, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Chimene ndikupempha ine chikukhudza mawu amene amanenedwa zoyeza zikatuluka zabwino. M'malo moti “mulibe matenda”, anene kuti “malungo mulibe, mtima wanu ndi wabwino, koma muli ndi matenda a nkhawa, takhalani pansi ndikufotokozereni”.

Mvula yoyamba ya Novembala wotsatira inandipeza kwawoko. Phiri linabisala, mphepo inayamba kununkhira dothi, madontho akuluakulu n'kuyamba kumenya malata. Ndinaona alamu akuimirira, akumanga chitenje, maso ali kunjira ya kusukulu. Kenako anakhalanso pamphasa, dzanja pamimba, milomo ikuwerenga chamumtima. Achimwene anangosendera pafupi osanena kanthu, akupitiriza kutong'ola chimanga cha mbewu. Zinatenga mwina mphindi khumi ndi zisanu. Atatsitsa dzanja anati, “Alamu, tatengani ndowa zija mutchere pamalatapo, madzi akutayika.”

Kabuku kachiwiri kaja kali ndi masamba atatu okha olembedwa. Namwino uja anasamutsidwa kupita ku boma lina, ndipo mpaka pano sikunabwere wina. Sabata yatha alamu anandiimbira foni kufunsa ngati ndingawapezere kope ndi cholembera. Akuti m'gulu lawo lotchola tiyi muli amayi awiri amene akufuna kuwafotokozera za dzanzi lija, koma akuopa kuti angasokoneze ndondomeko yake.